Kwa inu amene mwangofika kumene ku Gauteng: za msonkho ndi anthu a yunifolomu

Sabata yatha mwana wa mlongo wanga, yemwe wangotha miyezi itatu chifikireni kuno, anandiimbira foni usiku n'kundifunsa kuti, "Amalume, kodi msonkho wa boma la chigawo umaperekedwa kangati pa chaka?" Nditamufunsitsa, ndinamva kuti amuna awiri ovala majekete onyezimira anafika pamalo pomwe amametera anthu atanyamula buku la malisiti, namuuza kuti mlendo aliyense wochita bizinesi ayenera kulipira boma la Gauteng R1,500. Mnyamatayo anatapa ndalama ya lendi n'kupereka. Kapepala komwe anamusiyira ndakaona ndi maso angawa: kalibe dzina la ofesi, kalibe nambala ya foni, kangokhala ndi chidindo chofufutika. Zandiwawa kwambiri, chifukwa ndikanakhala naye pansi tsiku lomwe ndinakamuchingamira ku Park Station, siteshoni yaikulu ya mabasi ndi sitima ku Johannesburg, ndalamayo ikanapulumuka.

Choyamba, abale anga, dziwani kuti msonkho wa boma la chigawo wotolera khomo ndi khomo kulibe. Gawo 228 la malamulo aakulu a South Africa a 1996 silipatsa maboma a zigawo mphamvu yokhazikitsa msonkho wawowawo wa pa malipiro, VAT, kapena wa katundu wolowa m'dziko. Misonkho imeneyi ndi ya boma lalikulu ndipo amatolera ndi a SARS, bungwe lotolera misonkho la dziko lino. VAT, msonkho wa pa zinthu zomwe timagula, ili pa 15 peresenti kuyambira mu Epulo 2018, ndipo imakhala ili kale mumtengo womwe mwauona pashelefu. Ndalama zambiri zomwe chigawo chimayendetsera sukulu ndi zipatala zimachokera ku boma lalikulu lomwelo, pomwe zake zenizeni chimazipeza makamaka pa malayisensi a galimoto, msonkho wa juga, malayisensi a mowa ndi ndalama zolipira kuchipatala. Zonsezi zimalipiridwa ku ofesi kapena kubanki. Chilolezo chochitira malonda ndi kalembera wa maspaza (timashopu ting'onoting'ono ta m'makomboni), yemwe Pulezidenti Cyril Ramaphosa analamula mu Novembala 2024 ana atafa ndi zakudya zapoizoni, ndi nkhani ya khonsolo ya mzinda womwe mukukhala, ndipo mupite nokha ku ofesi yake ngakhale mzere utalike bwanji.

Chachiwiri ndi cha mabwana, ndipo apa ndiyankhula ngati munthu amene anapsa. Ndinagwira ntchito ya zomangamanga zaka zinayi kwa munthu wina yemwe mwezi uliwonse ankandiuza kuti wadula "za boma", koma pepala losonyeza malipiro sanandipatsepo ngakhale kamodzi. Ntchito itatha ndinapita kukafunsa za UIF, thumba la boma lothandiza anthu ntchito ikawathera, ndipo ndinapeza kuti dzina langa silinalembedwepo n'komwe. Ndinabwerera ndili manja lende, ana kumudzi akudikira fizi, ndipo mpaka lero ndikadutsa pa nyumba zomwe tinamangazo mtima umandiwira. UIF ndi 1 peresenti yochokera kwa inu ndi 1 peresenti ina yochokera kwa bwana. Msonkho wa pa malipiro nawo uli ndi poyambira pake: m'chaka cha msonkho cha 2024/25, munthu wosafika zaka 65 amene ankalandira ndalama zosapitirira R95,750 pa chaka sankayenera kudulidwa. Wina akamakudulani zambiri, m'funseni mwaulemu dzina la msonkhowo ndipo akulembereni.

Amene mwagula galimoto, kalembetseni m'dzina lanu pogwiritsa ntchito nambala yomwe alendo amapatsidwa, yotchedwa Traffic Register Number, ndipo kadisiki ka pagalasi muzikakonzetsa chaka chilichonse. Zipata za e-toll, zolipiritsa galimoto m'misewu ikuluikulu, zomwe zinayamba kulipiritsa mu Disembala 2013 zinasiya mu Epulo 2024, choncho munthu asakuimitseni pamsewu n'kumafuna ndalama m'dzina lake.

Chachitatu, nkhani yomwe yatiliza ambiri ndi ya yunifolomu, chifukwa kwathu tinazolowera kuti wapolisi ndi mmodzi, pomwe kuno alipo a mitundumitundu. A SAPS ndi apolisi a boma lalikulu. A JMPD ku Johannesburg, a EMPD ku Ekurhuleni ndi a TMPD ku Tshwane ndi apolisi a makhonsolo. Chigawo chili ndi apolisi ake apamsewu, ndipo mu 2023 nduna yaikulu ya Gauteng, a Panyaza Lesufi, inakhazikitsanso gulu la alonda olimbana ndi umbanda omwe anthu anangowatcha amaPanyaza. Mu Okutobala 2025 ofesi ya Public Protector, yofufuza madandaulo okhudza ntchito za boma, inapeza kuti gululi linakhazikitsidwa mosatsata malamulo. Pamwamba pa onsewa pali alonda a makampani, a zachitetezo cha m'madera, komanso akuba enieni ongogula jekete pamsika. Lamulo loona za olowa ndi otuluka la 2002, pa gawo 41, limapereka mphamvu yofunsa mapepala kwa wapolisi ndi wa imigireshoni. Mlonda wapageti kapena gulu la anthu ongokumana pamsewu alibe mphamvu imeneyo, ngakhale kuti mukakumana nawo ali ambiri musalimbane nawo, moyo ndi wanu. Mukaimitsidwa, manja akhale poonekera, yang'anani dzina pachifuwa ndi nambala ya galimoto, ndipo muziloweze pamtima. Mukamangidwa muyenera kukaonekera kukhoti pasanathe maola 48, ndipo madandaulo a kumenyedwa ndi apolisi amapita ku IPID, ofesi yofufuza milandu ya apolisi.

Za "drinki", kutanthauza chiphuphu chopatsa anthu a yunifolomu, ndikunenetsa. Ine ndinaperekapo kamodzi ndili ndi mantha, mapepala anga ali bwinobwino, ndipo kwa miyezi isanu ndi umodzi anthu omwewo ankandidikira pakona lomwelo tsiku lililonse lamalipiro, mpaka ndinasamuka dera. Anali atandidziwa kuti ndine munda wawo.

Chachinayi, masiku 30 omwe amakudindirani m'pasipoti pa chipata cha Beitbridge ndi 30 basi. Kuyambira mu 2014, wopitiriza masiku amaletsedwa kulowanso m'dziko: chaka chimodzi ngati sanapyole masiku 30 owonjezera, zaka zisanu ngati anapyola. Pasipoti yanu musaipereke kwa munthu woti akakudinditsireni inu muli kuno, chifukwa chidindo chabodza chikapezeka mlandu ndi wanu, ndipo ulendo wa ku Lindela ku Krugersdorp, komwe amasunga alendo oti abwezedwe kwawo, suchedwa. Jambulani masamba onse ofunika, muwatumize kwa mbale wodalirika.

Pogona paja musamangoona kutchipa. Pa 31 Ogasiti 2023 nyumba ya Usindiso ku Marshalltown mu Johannesburg inapsa ndipo anthu 76 anafa, ena mwa iwo Amalawi anzathu. Boma la chigawo linakhazikitsa komiti yofufuza yotsogozedwa ndi jaji wopuma Sisi Khampepe, koma nyumba zotere, zolandidwa kwa eni ake, zikadalipo m'tauni, ndipo okutolerani lendi mmenemo si eni ake. Musanalipire chipinda, yendani nokha kuchokera pakhomo pake mpaka panja, muone ngati geti limakhomedwa usiku ndiponso amene amasunga kiyi. Mufoni mwanu mukhale 10111 ya apolisi ndi 112 ya zadzidzidzi. Mwana wa mlongo wanga ndamulembera manambala amenewa pachikuto cha pasipoti yake, ndipo Lolemba ndikupita naye ku khonsolo kukafunsa za chilolezo cha malo ake ometera.