Yankho kwa mayi amene akufuna kulumikiza malaputopu awiri akale

Zikomo mayi chifukwa cha funso lanu. Mwanena kuti muli ndi laputopu yakale ya Windows XP imene ikusunga zithunzi za banja, mapepala a kuntchito ndi mavidiyo okwana pafupifupi 40 GB, ndipo mukufuna kusamutsira zonsezi mu laputopu ina ya Windows 7, koma fulashi yanu ndi ya 8 GB yokha ndipo rauta, kabokosi kamene kamagawa netiweki, pakhomo mulibe. Mwafunsanso ngati chingwe cha USB cha mitu iwiri yofanana chingagwire ntchitoyi. Ntchitoyi ndi yotheka popanda intaneti ndiponso popanda bandulo, koma chingwe mwatchulacho chonde musachiyese.

Chifukwa chake n'chakuti bowo lililonse la USB la pa laputopu limatulutsa magetsi a mavoti 5, ndiye mukalumikiza mabowo awiri otere ndi chingwe wamba, makina onse awiri amakankhirana magetsi, ndipo mapeto ake akhoza kukhala kupsa kwa bowo kapena kuwonongeka kwa bolodi. Zilipo zingwe za USB zopangidwira kusamutsa mafayilo, zimene zimakhala ndi kabokosi pakati, koma zimafuna pulogalamu yakeyake ndipo sizipezeka wamba.

Chimene mukufunika ndi chingwe cha netiweki, chimene amisiri amachitcha Ethernet kapena LAN, chija cha mutu wa pulasitiki woonekera mkati wofanana ndi wa foni ya m'nyumba koma wokulirapo. Malaputopu a nthawi imeneyo pafupifupi onse ali ndi bowo lake m'mbali kapena kumbuyo. Zingwezi zilipo za mitundu iwiri, chowongoka ndi chopingasa chimene ogulitsa amachidziwa ndi dzina loti crossover, ndipo mukhoza kuzisiyanitsa ndi maso anu. Gwirani mitu iwiriyo moyandikana, kokowera kake kali pansi, ndipo muyang'ane timawaya 8 tamitundumitundu timene tili mkatimo. Ngati mitunduyo yandandalikidwa mofanana mbali zonse ziwiri, chingwecho ndi chowongoka. Ngati mutu umodzi ukuyamba ndi mawaya a olenji pamene winawo ukuyamba ndi obiriwira, chimenecho ndi chopingasa. Makina akale kwambiri amatumiza uthenga pa mawaya 1 ndi 2 n'kumamvetsera pa 3 ndi 6, kotero awiri otere akalumikizidwa ndi chingwe chowongoka onse amalankhula panjira imodzi ndipo palibe amene amamva mnzake. Makina atsopanoko, makamaka amene bowo lawo ndi lothamanga kwambiri lotchedwa Gigabit, amazindikira okha n'kusintha njirazo, ndipo zimakwanira kuti laputopu imodzi yokha ikhale ndi luso limeneli. Malangizo anga ndi akuti muyambe mwabwereka chingwe chowongoka. Chilowetseni mbali zonse mpaka kokowera kalire kuti thwa, ndipo ngati kanyali ka pabowopo kayaka, kapena Windows yasiya kulemba kuti Network cable unplugged, simufunikanso kugula china. Zikakana, katswiri aliyense woika netiweki akhoza kukufinyirani mitu ya crossover m'kanthawi kochepa.

Anthu ambiri akafika apa amaganiza kuti ntchito yatha, akaona kuti mafayilo sakuoneka amataya chingwe n'kumati n'chakufa. Pa makina amene ndathandizapo anthu, vuto kawirikawiri silinali chingwe ayi, koma makonzedwe a mkati mwa Windows, ndipo apa ndi pamene ndikupempha kuti mudekhe.

Laputopu iliyonse iyenera kukhala ndi adiresi yake. Kawirikawiri adiresiyo imaperekedwa ndi rauta, koma poti palibe, muyipereka nokha. Muyambe mwazimitsa Wi-Fi pa makina onse awiri. Kenaka dinani batani la Windows pamodzi ndi R, lembani ncpa.cpl, dinani ndi batani lakumanja la mausi pa Local Area Connection, sankhani Properties, ndipo mutsegule Internet Protocol. Pa Windows 7 musankhe ya Version 4. Pa laputopu ya XP lembani 192.168.1.1, pa ya Windows 7 lembani 192.168.1.2, ndipo pa Subnet mask paponse lembani 255.255.255.0. Malo a Default gateway ndi DNS muwasiye opanda kanthu. Nambala yomaliza yokhayo ndiyo iyenera kusiyana. N'zoona kuti mukapanda kulemba kanthu Windows imadzipatsa yokha adiresi yoyamba ndi 169.254, ndipo nayonso imagwira ntchito, koma ine ndimakonda yolemba ndekha chifukwa ndimaidziwa pamtima ndipo sindivutika kuifufuza.

Tsopano gawani foda pa laputopu ya XP. Ndi bwino kupanga foda yatsopano pa C, kuitcha dzina lalifupi lopanda mipata monga ZANGA, n'kuikamo zimene mukufuna kusamutsa, chifukwa mafoda a mu My Documents nthawi zina amakhala otsekedwa kuti ndi a mwini yekha ndipo amakana kugawidwa. Dinani fodayo ndi batani lakumanja, sankhani Sharing and Security, ndipo muchonge pamene palembedwa Share this folder on the network. Kadzanja kakaoneka pansi pa fodayo ndiye kuti yagawidwa. Muonenso mu Windows Firewall, pulogalamu yotchinga zolowa kudzera pa netiweki, pa Exceptions, kuti File and Printer Sharing ndi yochongedwa. Ku Windows 7, netiweki yopanda rauta imalembedwa kuti Unidentified network ndipo makinawo amaitenga ngati ya pagulu, choncho amadzitchinjiriza. Pitani ku Network and Sharing Center, mutsegule Change advanced sharing settings, ndipo pansi pa Public muyatse network discovery ndi file and printer sharing.

Musanapitirire, yesani ngati makinawo akumvana. Pa Windows 7 dinani batani la Windows ndi R, lembani cmd, ndipo pa sikirini yakudayo mulembe ping 192.168.1.1. Mukaona mizere inayi yoyamba ndi Reply from 192.168.1.1 yosonyeza nthawi, njira yatseguka. Mukaona Request timed out kapena Destination host unreachable, bwererani mukaone manambala aja ndi firewall, ndipo ngati pa XP pali antivayirasi yokhala ndi firewall yakeyake, muyiimitse kwa kanthawi. Ping ikayankha, musavutike kudikira kuti dzina la laputopu inayo lionekere pansi pa Network, chifukwa limachedwa ndipo nthawi zina silibwera, makamaka poti XP Home imadziika m'gulu la MSHOME pamene Windows 7 imakhala mu WORKGROUP. Ingodinani Windows ndi R, mulembe \\192.168.1.1 ndipo foda ya ZANGA ionekera. Itseguleni, mukopere zimene zilimo n'kuziika pa laputopu ya Windows 7.

Wina mu ndemanga wafunsa ngati njirayi ingagwire pakati pa XP ndi Windows 10. XP imagawa mafayilo kudzera m'njira yakale yotchedwa SMB1, imene vayirasi ya WannaCry inadzeramo mu 2017, ndipo kuyambira chaka chomwecho Microsoft inayamba kuichotsa mu Windows 10. Ikhoza kuyatsidwa pa Turn Windows features on or off, koma izimitsidwe ntchito ikangotha. Inu mayi izi sizikukukhudzani, poti Windows 7 imamvana ndi XP popanda kuwonjezera kanthu.

Ngati mabowo anu ndi a 100 Mbps, monga zilili pa malaputopu ambiri a XP, yembekezerani pafupifupi 11 MB pa sekondi, kutanthauza kuti 40 GB itenga ola limodzi kapena kuposerapo, ndipo zithunzi zing'onozing'ono zambirimbiri zimachedwa kuposa vidiyo imodzi yaikulu. Mabatire a makina a zaka zimenezi sasunga moto, choncho onse awiri akhale pa chaja, muletse Sleep ndi Standby, ndipo muyambe pa nthawi imene magetsi sakonda kuthima kwanuko. Ndikutsindika kuti mugwiritse ntchito Copy, osati Cut. Ndinaonapo mnzanga amene anasankha Cut, magetsi n'kuthima pakatikati. Zithunzi za ukwati wake zinagawikana, zina kuno zina uko, ndipo tinatha usiku wonse tikufananitsa mafoda kuti tidziwe zimene zadutsa ndi zimene zatsala. Koperani foda imodziimodzi, kuyambira zimene simungazipezenso kwina, ndipo mukatha mudine Properties pa foda iliyonse mbali zonse ziwiri kuti muone ngati chiwerengero cha mafayilo ndi kukula kwake zikufanana. Microsoft inasiya kusamalira XP mu 2014 ndipo Windows 7 mu 2020, choncho mafayilowo muwapime ndi antivayirasi musanayambe kuwatsegula.

Laputopu ya XP ikakhala kuti ikuzima yokha kapena bowo lake la netiweki linafa, musaikakamize. Hadi disiki yake ikhoza kuchotsedwa n'kuikidwa m'kabokosi ka USB, n'kuwerengedwa ngati fulashi yaikulu. Pokagula kabokosiko mutenge disikiyo m'manja, chifukwa za mano ambiri za IDE ndi za SATA kawirikawiri sizilowa m'kabokosi kamodzi.

Mukamaliza, bwererani pa Internet Protocol paja pa makina onse awiri n'kusankha Obtain an IP address automatically, muzimitsenso kugawa kwa pansi pa Public kuja, apo ayi tsiku lina mudzalumikiza chingwe cha ku ofesi intaneti n'kukana. Pena pakakuvutani, jambulani sikirini ya ping ija muyiike pano kuti tione pamene pakutsekeka.