Kodi mu Africa muno lilipo dziko lopanga mizinga yakeyake?

Achimwene, funso lanu lija loti kodi mu Africa muno lilipo dziko lomwe limapanga lokha mizinga, ma missile aja, kapena tonse timangogula kunja basi, ndaliwerenga m'mawa ndili mu taxi ndipo ndaona ambiri angoyankha mwachidule kuti palibe. Ayi lilipo. South Africa imapanga, kapena ndinene bwino, inkapanga mwamphamvu ndithu koma lero ikupumira m'mwamba. Ine ndakhala kuno ku Pretoria zaka zambiri ndipo nkhani imeneyi ndimaitsatira, chifukwa fakitale yake ili pafupi pompa ku Irene mbali ya Centurion, komanso chifukwa inafika pokhudza ana athu a MDF ku Congo. Mundipirire nditalikitsako pang'ono.

Poyamba tisiyanitse kaye zinthu ziwiri zomwe anthu akuphatikiza mu ma comment. Roketi wamba umangoloza n'kuwombera, komwe yapita yapita. Mzinga womwe tikunenawu uli ndi diso kutsogolo, ena amatsata kutentha kwa injini ya ndege, ena amatsata kuwala kwa laser, ena radar, ndiye m'kati muli kakompyuta komwe kamakhotetsa timapiko kuti chinthucho chizilondola chomwe chikuthawa. Chitsulo chakunjacho sichovuta, chovuta ndi disolo, ubongowo, ndi mankhwala oyaka a mu injini omwe amayenera kupsa mofanana osaphulika. Ndipo pamafunika malo aakulu oyesera, chifukwa umawombera kambirimbiri zikulephera usanapeze umodzi wolondola. Maiko omwe amatha zonsezi paokha ndi ochepa padziko lonse. Egypt imapanga maroketi ndi zina zotengera kwa eni ake, koma kumwera kwa Sahara kuno amene anafika popanga diso ndi ubongo yekha ndi South Africa.

Nanga anayamba bwanji? Sichinali chifukwa chokonda sayansi ayi, anapanikizika. Mu November 1977 United Nations inaletsa dziko lililonse kugulitsa zida ku boma la tsankho lija, patangopita miyezi iwiri Steve Biko ataphedwa m'manja mwa apolisi. Nthawi imeneyo anali pa nkhondo ku Angola ndi ku Namibia, ndiye ndalama zinathiridwa ngati madzi ku Armscor, bungwe la boma loona za zida, ndipo kampani ya Kentron ndi yomwe inapatsidwa ntchito ya mizinga. Tinene zoona, zida zimenezi anapangira kuteteza apartheid, ndipo zinapha anthu akuda a m'chigawo chathu chino, sindikuchita kuwatamandira. Koma luso linabadwa. Anapanga V3 Kukri wa pa ndege za Mirage, womwe payiloti ankaulozera ndi chipewa chake, kungotembenuza mutu basi, pa nthawi yomwe maiko ambiri olemera analibe zimenezo. Anapanganso ZT3 wophwanya akasinja womwe anauyika pa galimoto zankhondo za Ratel n'kuugwiritsa ntchito pa mtsinje wa Lomba ku Angola mu 1987. Koma sikuti zonse zinkayenda, chaka chomwecho MiG-23 ya ma Cuba inalasa Mirage yawo ndi mzinga wa ku Soviet, ndipo zinaonekeratu kuti mumlengalenga atsalira.

Chomwe ambiri sadziwa ndi chakuti anafika mpaka pa mizinga ikuluikulu yopita kutali. Mu July 1989 anaulutsa umodzi kuchokera ku Overberg, malo oyesera omwe ali m'mbali mwa nyanja kufupi ndi Bredasdorp ku Western Cape, ndipo a America ananena poyera kuti munali dzanja la Israel, kuti unali m'bale wake wa mzinga wa Israel wotchedwa Jericho. Ine ndinauona ndi maso anga umodzi wa banja lomweli wotchedwa RSA-3 ku museum ya asilikali a ndege ku Swartkop, tsiku lina Loweruka ndinapita ndi mwana wanga. Chinthu chachitali ngati basi ya Joni ija, ndinayenda m'mbali mwake pang'onopang'ono kuyang'ana momwe analumikizira zigawo zake, mwana akundifunsa kuti adadi ichi chinapangidwa kuno? Ndinamuyankha kuti eya, konkuno, koma mumtima ndinali ndi maganizo awiri, chifukwa boma lomwelo linali ndi mabomba a nyukiliya 6. De Klerk anaulula yekha mu March 1993 kuti analipo ndipo awaphwasula. Pulogalamu ya mizinga yaikuluyo anayesa kuisandutsa yotumizira ma satellite koma inatsekedwa, ndipo mu 1995 dzikoli linalowa mu MTCR, mgwirizano womwe umaletsa kufalitsa mizinga yotha kunyamula makilogalamu 500 mtunda wa makilomita 300 kapena kuposa. Ndiye amene mukufunsa ngati Joni ingawombere mpaka ku Europe, ayi, njira imeneyo anaitseka okha.

Zomwe zinatsala ndi mizinga ing'onoing'ono koma yanzeru, pansi pa Denel, kampani ya boma yopanga zida yomwe inapatuka ku Armscor mu 1992. Maina ake mungawamve bwino nokha. Umkhonto, ndi mkondo uja basi, umanyamuka choimirira kuchokera m'sitima yankhondo n'kukhota kukatsata ndege kapena mzinga wina womwe ukubwera. Uli pa sitima zinayi za South Africa, Amatola, Isandlwana, Spioenkop ndi Mendi. Koma pomwe ine ndimagwira pakamwa ndi apa: Finland inagula Umkhonto. Dziko la azungu lolemera, loyandikana ndi Russia, lomwe silingasewere ndi chitetezo chake, linayang'ana zonse zomwe zinali pamsika n'kusankha wopangidwa mu Africa. Algeria nayo inagula. Palinso Ingwe, kambuku ameneyo a Ngoni mukudziwa, wa akasinja wofika makilomita 5, ndi Mokopa wofika makilomita 10. Kenako A-Darter womwe anapanga mogwirizana ndi Brazil, woti ndege iziwomberana ndi ndege inzake, ndipo pamene unkamalizidwa kuyesedwa mu 2019 akatswiri ankauika mu gulu limodzi ndi abwino kwambiri a mtundu wake.

Tsono nkhani yogula. Mu 1999 boma la ANC linasainira zomwe kuno amangoti Arms Deal, pafupifupi R30 biliyoni pa nthawiyo: ndege za Gripen zochokera ku Sweden zomwe zinabwera 26, za Hawk 24 za ku Britain, sitima zinayi zija ndi zoyenda pansi pa madzi zitatu za ku Germany, ndi ma helikopita 30 a ku Italy. Patricia de Lille anaimirira mu Parliament chaka chomwecho kunena kuti muli katangale. Tony Yengeni, phungu wa ANC, anapezeka wolakwa pa nkhani ya Benz yomwe anagula motchipa, Schabir Shaik, mlangizi wa Zuma pa za ndalama, anagamulidwa zaka 15 mu 2005, ndipo mlandu wa Jacob Zuma ndi kampani ya ku France ya Thales wakhala ukukokedwa zaka ndi zaka. Komiti ya Seriti yomwe inafufuza nkhaniyi inati palibe cholakwika, khoti linadzataya lipoti lake mu 2019. Koma kwa ine vuto lalikulu silinali ziphuphu zokha. Anagula zinthu zodula za nkhondo yomwe sankamenya, ngongole yake n'kudya bajeti kwa zaka zambiri, ndipo ndalama zosamalira zomwe agulazo komanso zopatsa mafakitale akwawo maoda zinachepa. Kugula ndege ndi tsiku limodzi, kuidyetsa ndi zaka 30. Kuchokera kumapeto a 2021 mpaka cha mu September 2022 Gripen zonse zinali pansi osauluka chifukwa kontirakiti yokonzera inali isanasainidwe. Ndipo Gripen yomweyo yakhala ikunyamula mzinga wa ku Germany wa IRIS-T pomwe A-Darter wawo yemwe ankayenera kufika kalekale ankangochedwa.

Chinachedwetsa n'chiyani? Apa ndipomwe pamandiwawa. Cha mu 2015 Denel inali bwino, imalowetsa ndalama zopitirira R8 biliyoni pachaka. Chaka chomwecho nduna Lynne Brown inaika bodi yatsopano, mkulu wa kampani Riaz Saloojee anaimitsidwa, ndipo kunabwera mapulani a Denel Asia ndi kampani ya VR Laser yomwe inali m'manja mwa anthu a ma Gupta, banja la amalonda lomwe linali pa ubwenzi ndi Zuma. Zonsezi zinakambidwa poyera ku komishoni ya Zondo yofufuza katangale m'boma, aliyense akhoza kuziwerenga. Mabanki anayamba kuopa kubwereketsa, ogulitsa zipangizo osalipidwa, maoda osamalizidwa. Mu June 2019 antchito anauzidwa kuti alandira 85 peresenti yokha ya malipiro, ndipo kuyambira 2020 anthu anakhala miyezi akulandira zoduka, mpaka mabungwe a antchito Solidarity ndi UASA kupita kukhoti. Ndalama zolowa zinagwa mpaka pansi pa R2 biliyoni. Boma linadzathiramo R3.4 biliyoni mu 2022, koma anthu anali atapita kale.

Ndipo achimwene mfundo yanga yonse yagona pa anthu amenewa. Munthu wodziwa kupanga diso la mzinga samutola pa msewu, amatenga zaka 10 kapena 15 akuphunzira pambali pa wamkulu yemwe analakwitsapo kale n'kudziwa chifukwa chake. Zambiri sizili pa pepala, zili m'mutu ndi m'manja. Anthu otere akakhala miyezi osalipidwa, ana akufuna fizi, nyumba ili pa ngongole, ndipo wina ku Abu Dhabi akuwaitana, mukuganiza atani? Ma Emirates anali atayamba kale ubale ndi Denel mu 2012 kudzera mu kampani ya Tawazun Dynamics, komwe bomba lolondola la Umbani linasanduka Al Tariq. Pamene ankakhazikitsa EDGE, kampani yawo yaikulu ya zida, mu 2019, mainjiniya ambiri a kuno anawolokera komweko, ena ku Saudi. Lero UAE ikuonetsa mizinga yake pa zionetsero zikuluzikulu, mukafufuza amene anaijambula mupeza ambiri amayankhula Afrikaans. Si mainjiniya okha. Ku tchalitchi kwathu kuli bambo wina wachikulire yemwe ankagwira ntchito pa makina osema zitsulo ku kampani ina yaing'ono yopanga tizipangizo ta zida. Tsiku lina anandionetsa kachitsulo kakang'ono ngati chala chomwe amasunga pa makiyi, akuti ukalakwitsa ndi muyeso wochepera tsitsi ndiye kotaya. Maoda atasiya kubwera kampaniyo inatseka, pano amakonza mageti ndi ma burglar bar. Manja omwewo.

Mwina muziti ife a ku Malawi zikutikhudza pati. Kumbukirani 2013, pamene asilikali athu, a Tanzania ndi a South Africa anali limodzi mu gulu lapadera la UN lija ku Congo. Mu November chaka chimenecho ma helikopita a Rooivalk, opangidwa ndi Denel yomweyi, anakhuthula maroketi pa mapiri a Chanzu pomwe gulu la zigawenga la M23 linakumba maenje, ndipo patangopita tsiku limodzi kapena awiri M23 inalengeza kuti yasiya nkhondo. Anyamata athu pansi anali ndi ambulera pamwamba. Tsono yerekezani ndi ulendo wachiwiri, wa SADC womwe unayamba mu December 2023. M23 inabwera yosintha, ili ndi zida zamakono, ndipo malipoti a UN anatchula mizinga yowombera ndege yomwe inalowa kuchokera mbali ya Rwanda. South Africa yomwe tonse tinkaidalira inalibe Rooivalk zoti n'kutumiza zokwanira, bajeti yake ya chitetezo ili pansi pa 1 peresenti ya chuma cha dziko, ndege zambiri zili m'ma hangar kudikira ma spare. Mu January 2025 kuzungulira Goma ndi Sake anafa asilikali 14 a South Africa ndi atatu athu a MDF. A Chakwera analamula kuti anyamata akonzekere kubwerera, ndipo mu March SADC inathetsa ntchitoyo.

Sindikunena kuti mzinga umodzi ukanawapulumutsa, nkhondo ya ku Congo ili ndi ndale zake zambiri ndipo mapulani a ulendowo anali ndi mabowo kuyambira pachiyambi. Koma dziko lomwe linagulitsa Umkhonto ku Finland linatumiza ana ake, ndi athu pambali pawo, kumalo komwe mdani ndiye anali ndi mphamvu yotseka mlengalenga. Ine tsiku lomwe maliro ankafika ndinali pa ntchito, ndinangoona pa foni mabokosi atakutidwa ndi mbendera yathu, ndinalephera kumaliza nkhomaliro.

Wina wafunsa m'munsimu ngati Denel yatheratu. Siinathe, fakitale ya ku Irene ikadalipo, Overberg ikugwirabe ntchito ndipo maiko a ku Europe amabwera kudzayesera zida zawo komweko, injini za mizinga zimapangidwabe ku Somerset West, kungoti kampani yake, Rheinmetall Denel Munition, gawo lalikulu la 51 peresenti lili m'manja mwa ma German kuyambira 2008. Chionetsero cha ndege ndi zida cha AAD chimachitika zaka ziwiri zilizonse mu September ku Waterkloof, masiku omaliza amalola aliyense kulowa ndi tikiti, ndiye amene muli kuno ku Gauteng mudzapite mukaone nokha Umkhonto ndi Ingwe zili pa sitandi, mukafunsenso amene aima pamenepo kuti pa anthu omwe anazijambula atsala angati.