Transducer ya LiveScope: pa trolling motor kapena pa paipi yakeyake?

Mwafunsa ngati transducer (kachipangizo kolowa m'madzi ka LiveScope, makina a Garmin oonetsa nsomba pa sikirini nthawi yomweyo) muimange pa trolling motor (injini yaing'ono yamagetsi yoyendetsa boti pang'onopang'ono) kapena pa paipi yapadera m'mbali mwa boti. Zikutengera kawedzedwe kanu, akulu.

Ngati mumayendayenda kusaka nsomba, pa motor ndi pabwino. Kumene mwalozetsa motor ndi chopondera cha phazi, chithunzi chimaloza komweko, manja onse ali pa ndodo. Vuto limayamba mukayatsa Spot-Lock, imene imaimitsa boti malo amodzi pogwiritsa ntchito GPS: motor imatembenuka yokha polimbana ndi mphepo, ndipo poti LiveScope imaona kampata kopapatiza, madigiri 20 okha m'lifupi, nsomba ija imangoti zii pa sikirini. Amene amakonda kuima malo amodzi asavutike, agule paipi.

Paipiyo ikhale ya aluminiyamu yolimba, chifukwa yopyapyala imanjenjemera m'madzi othamanga n'kusokoneza chithunzi. Transducer itsike masentimita pafupifupi 30 kupitirira pansi pa boti, apo ayi ikamayang'ana mbali inayo izingoona boti lomwelo. Chogwirira chapamwamba chiloze ndendende kumene transducer yaloza. Kuphonya pang'ono, nyambo yanu simuiona. Ndipo paipiyo muziizula m'madzi musanathamangitse injini yaikulu, mapaipi ambiri amapindikira pomwepo.

Chingwe cha transducer ndiye chimene anthu amawononga kawirikawiri. Musachimange ndi ma zip tie (timalamba tapulasitiki tomangira) othina, amafinya mawaya a m'kati. Kulungani ndi tepi ya magetsi, n'kusiyako kachingwe kolendewera pamene pamazungulira kuti chisakokeke. GLS 10, bokosi limene chingwe cha transducer chimalumikizidwako, muipatse batire yosiyana ndi ya motor, mizere yosokoneza pa sikirini imachepa.