Kodi osewera azilangana okha pa gemu?

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa wowerenga wina amene amayendetsa kaligi ka eFootball pa foni. Alipo anthu 24, aliyense amasonkha kangachepe kumayambiriro kwa mwezi, ndipo wopambana ndiye amatenga zonse. Funso lake ndalifupikitsa motere: "Pali mnyamata wina akangogoletsedwa ziwiri amazimitsa data, n'kumanamizira netiweki. Winanso ndiye pakamwa, amatukwana mpaka makolo a anthu. Anzathu ena angoyamba okha kuwalanga, akukana kusewera nawo ndipo akuwalanda mapointi. Ena akuti zimenezo n'za eni gemu. Kodi osewera ali ndi mphamvu yolanga osewera anzawo?"

Achimwene, kuyembekezera eni gemu ndiye iwalani. Konami, kampani yopanga eFootball, ili ku Japan, ligi yanu sikuidziwa, ndipo sidzakhala pansi kumva za ndalama zomwe munasonkha. Mlanduwu ndi wanu ndithu. Chondidetsa nkhawa ine ndi mawu amodzi a mu imelo yanu, akuti "angoyamba okha".

Makampani akuluakulu anayesapo kupereka bwalo kwa osewera. Mu 2011 kampani ya Riot Games, eni ake a League of Legends, inatsegula bwalo lomwe inalitcha Tribunal. Munthu akadandaulidwa kambirimbiri, mlandu wake unkapita kwa osewera anzake amene afika patali m'gemuyo. Iwo ankawerenga zomwe munthuyo analemba pocheza mkati mwa masewero, kenaka n'kuvota kuti alangidwe kapena akhululukidwe. Poyamba wovota ankalandira timapointi togulira zinthu m'gemu ngati voti yake yagwirizana ndi ya ambiri. Apa ndiye panali pokhota. Munthu akadziwa kuti ambiri obwera pabwalo amakhala olakwadi, awerengerenji? Amangodina "alangidwe" n'kutola malipiro. Riot inaika kanthawi koti munthu adikire asanavote, ndipo pambuyo pake malipirowo inawachotsa. Komanso bwaloli linkachedwa, chilango chinkatha kufika munthu ataiwala kale kuti anatukwana ndani. Mu 2014 analitseka ati akukonza, silinabwerenso. Mu 2015 ntchitoyo anaipereka kwa makina, omwe kampaniyo inati azipereka chilango pasanathe mphindi 15 masewero atatha.

Imene imandisangalatsa ine ndi njira ya kampani ya Valve. Mu 2013 anayambitsa bwalo lotchedwa Overwatch mu Counter-Strike: Global Offensive, gemu yowomberana ija. Wosewera wodziwa bwino ankapatsidwa kanema wa masewero a anthu ena, wa mphindi pafupifupi khumi, maina onse atafufutidwa. Woganiziridwa kuberayo ankangotchedwa The Suspect. Ndipo woweruzayo sankafunsidwa ngati munthuyo ndi woipa. Pa mlandu uliwonse ankasankha pakati pa ziwiri: umboni ndi wosakwanira, kapena kulakwa kukuonekeratu popanda chikaiko. Naye woweruzayo ankayesedwa, wolondola kawirikawiri voti yake inkalemera, wongodinadina voti yake inkapepuka. Mu 2021 njira yomweyi anaibweretsanso mu Dota 2.

Ku RuneScape, gemu ya kampani ya Jagex ya ku Cambridge, kunali osewera osankhidwa ndi kampani okhala ndi kachisoti kachifumu kasiliva pambali pa dzina. Ankatha kumutseka munthu pakamwa kwa kanthawi kochepa, koma kumuthamangitsa m'gemu sankatha, zimenezo zinali za ogwira ntchito pakampani.

Mwaona kuti pa atatu onsewa palibe anasiya chikwapu m'manja mwa munthu amene wangolakwiridwa kumene. Anzanu akulanda mapointiwo ndi omwe anatukwanidwa, ndi omwenso apindule ngati wotukwanayo atsika pa mndandanda, chifukwa kumapeto kwa mwezi kuli ndalama. Mwina akunena zoona. Koma wodandaula sangakhalenso mfumu pa mlandu wake womwe.

Vuto lanu n'lakuti chimene chinapatsa Overwatch mphamvu inu mulibe. Pa anthu 24 dzina silibisika. Wina ndi mlamu wa uje, wina ndi amene amakugairani data mwezi ukakhala pakati. Khoswe akakhala pa mkhate sapheka, ndipo m'kaligi kakang'ono pafupifupi aliyense wakhala pa mkhate wa winawake.

Ine zinandionekerapo. Zaka zingapo zapitazo anzanga anandisankha kukhala woweruza pa kampikisano kathu. Mnyamata wina amene sindinkamukonda kwenikweni anaduka pa mphindi ya 70 akutsalira 3-1. Sindinafunse n'komwe, ndinangolemba kuti waluza ndipo masewero otsatira asasewere. M'mawa mwake anatumiza chithunzi cha foni yake itazima, pambali pake pali kandulo, magetsi anali atathima dera lonse kuyambira madzulo ndipo batire inathera m'manja. Patangotha masiku atatu mnzanga wapamtima anadukanso chimodzimodzi, akutsalira 2-0, ine n'kunena kuti abwereze masewero poti netiweki ya kwawo imavuta. Palibe anandikalipira. Anthu anangoyamba kuchoka mmodzimmodzi, mwezi wotsatira tinatsala asanu ndi mmodzi. Chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pa nthawiyo ndinkadziona ngati munthu wachilungamo.

Ndiye za wozimitsa data uja, lekani kufufuza mumtima mwake. Simudzadziwa ngati anazimitsa dala, ndipo kwathu kuno netiweki imadukadi, magetsi amathimadi. Ikani lamulo losafuna kudziwa cholinga cha munthu: amene waduka akutsalira waluza, zigoli zikhale momwe zinalili, amene waduka akutsogola kapena zili zofanana, masewero abwerezedwe. Wachilungamo nthawi zina lidzamupweteka, inde, koma wakuba sapezapo kalikonse, ndipo inu simudzatchulanso munthu kuti wabodza. Lamuloli muligwirizane nonse ligi yatsopano isanayambe, anthu asanasonkhe ndalama. Lamulo lobwera pakati pa mpikisano limakhala lopangira munthu mmodzi, ndipo aliyense amadziwa kuti ndani.

Za wotukwana ndiye pakufunika anthu. Sankhani atatu mwa voti, azikhala mwezi umodzi basi kenaka ena. Amene anasewera masewero odandaulidwawo, kapena amene akulimbirana malo ndi wodandaulidwayo, asakhale nawo pa mlanduwo. Wodandaula abwere ndi sikirinishoti kapena voisi, osati "aliyense akudziwa khalidwe lake". Atatuwo mphamvu yawo ithere pa chenjezo ndi kuimitsa munthu masewero amodzi kapena awiri. Kuchotsa munthu m'ligi kukhale kwa gulu lonse, iye atapatsidwa mpata wolankhulapo, ndipo akachotsedwa mumubwezere ndalama yake ya mweziwo. Mukaisunga, nkhani yomwe idzamveke kunja ndi yakuti munamudyera ndalama, zoti ankatukwana palibe adzazikumbuke.

Nanga ena onsewo azingoonerera? Ayi. Kuuza mnzako kuti "aise, zimenezo usiye" n'kwa aliyense, sikufuna udindo. Kupereka umboni n'kwa aliyense. Ngakhale kukana kusewera masewero ongocheza ndi munthu wamwano ndi ufulu wa munthu. Koma masewero a ligi sakanidwa, wokana aziwerengedwa kuti waluza, chifukwa kupanda kutero mawa wina adzakana kukumana ndi katswiri n'kumati anamutukwana.

Mapointi omwe analandidwa kalewo abwezeni kaye, ngakhale zikuwawa. Mlandu wa wotukwanayo ukhale woyamba kupita kwa atatu aja, ndipo inuyo amene mumasunga ndalama musakhale mmodzi wa iwo.