Funsani Dokotala: Kodi anandiiwalira sizasi m'mimba?

Adokotala, ndinabereka ana awiri pa opaleshoni, wachiwiri zaka zitatu zapitazo. M'mimba mumandikoka ngati muli chingwe. Apongozi akuti madokotala anaiwalamo sizasi, ndipo akundimwetsa zitsamba zotsuka m'mimba. Ndimamwanso Brufen. Mayi wa ku Bangwe.

Mayi, ndikuona kuti mantha akukusautsani kuposa ululuwo, ndipo n'chifukwa chake simunabwererenso kuchipatala. Sizasi ndi chitsulo, ekisileyi imodzi imaionetsa poyera. Koma chimene ndikuganizira ine ndi zipsera za mkati.

Munaonapo mbuzi ikutumbulidwa? Matumbo ake amakhala oterera chifukwa cha kanembanemba kopyapyala kowakuta. Nafenso tili nako, dzina lake peritoneum, ndipo pamwamba pake pali mzere umodzi wokha wa maselo otulutsa timadzi totereretsa. Mpeni ukadutsapo, thupi limathirapo zomata zotchedwa fibrin. Zikasungunuka m'masiku ochepa, zonse zili bwino. Zikapanda kusungunuka zimalimba n'kukhala timitsitsi tolumikiza matumbo, chiberekero ndi khoma la mimba.

Pofuna kumvetsa mmene timitsitsiti timapangikira, akatswiri amalera maselo a kanembanemba aja m'timbale mu labotale, atawatenga ku mafuta okuta matumbo pa nthawi ya opaleshoni, kapena m'madzi amene atsukira magazi a odwala impso kudzera m'mimba. Poyamba amayalana bwino ngati matailosi. Akawathira puloteni ya TGF-beta, imene thupi limatulutsa pa bala, amatalika, kusiyana ndi anzawo, n'kuyamba kupanga collagen, ulusi wolimba wa chipsera.

Tsono apongozi amve ichi, ndikunena mwaulemu. Timitsitsito tili kunja kwa matumbo. Mankhwala otsuka m'mimba amadutsa mkati mwa matumbo n'kutulukira kuchimbudzi, osakhudzana nato ngakhale pang'ono. Kutsuka mkati mwa paipi sikumasula waya womangidwa kunja kwake. Chimene mukutaya ndi madzi a m'thupi basi, ndipo ngati thumbo lapanika pena pake, kulikakamiza choncho n'koopsa. Brufen wa tsiku ndi tsiku naye amayambitsa zilonda za m'mimba ndi kuononga impso. Zaka zitatu, mayi, mukudzilembera nokha mankhwala!

Tengani buku lanu la kuchipatala mupite ku Bangwe Health Centre sabata ino. Zipserazi kawirikawiri sizioneka pa sikani, choncho akakuuzani kuti sanapeze kanthu musati akubisa. Ntchito yawo n'kuona kaye ngati si matenda a m'chiberekero kapena TB ya m'mimba, zimene zili ndi mankhwala ake. Kudula timitsitsito sitithamangira, poti opaleshoni ina imabweretsa tina. Mukadzaimanso, yambani sikelo msanga ndipo mukachilire kuchipatala chachikulu.

Koma mimba ikatupa, mukusanza, chimbudzi ngakhale mpweya osatuluka, musamwe kanthu, musadikire kuti kuche. Pezani galimoto mupite kuchipatala chachikulu cha Queens usiku womwewo.