Yambani ndi mapepala, kenako makoma

Achimwene, pofufuza mbiri ya nyumba yakale ndi momwe yasinthira, yambirani ku ofesi ya za malo. Mapepala a umwini adzakuuzani omwe anakhalapo eni nyumba yakale ya ku Blantyre mukufufuzayo, ndi zaka zake. Kenako pitani ku National Archives (kosungira zikalata zakale za boma) ku Zomba ndi ku laibulale ya bungwe la Society of Malawi ku Mandala House mu Blantyre. Mukafika, iyang'aneni bwino Mandala House ngati chitsanzo cha momwe nyumba zimasinthira. Inamangidwa mu 1882 kuti muzikhala mabwana a kampani ya African Lakes, koma lero m'mwamba muli mabuku.

Ine ndimajambula khoma lililonse, chifukwa khomo lotsekedwa ndi njerwa zosiyana mtundu limasonyeza pomwe chipinda chogona chinasanduka sitolo. Funsaninso agogo oyandikana nayo, amakumbukira zomwe mapepala anasiya.

Chonde musagumule pulasitala musanaitane katswiri wa zomangamanga ndi a boma oona za zinthu zakale.