Kodi Ziwerengero za Apolisi N'zokwanira pa Kafukufuku?

Funso: Ndikuchita kafukufuku wa kubedwa kwa ng'ombe m'boma la Angónia, ku Mozambique. Kodi ndingadalire ziwerengero za apolisi zokha? Wophunzira, Ulongwe.

Yankho: Ayi, musatero. Mabuku a apolisi amasunga milandu yokhayo imene anthu akadandaula kupolisi, pamene ina imathera kwa mafumu ndi m'makhoti a m'midzi, choncho mufunsenso eni ziweto mutawatsimikizira kuti mayina awo sadzatchulidwa. Poyerekezera Angónia ndi boma lina, monga loyandikana nalo la Tsangano, gawani milandu ndi chiwerengero cha anthu cha kalembera wa 2017, kupanda kutero boma la anthu ambiri lidzaoneka ngati lodzaza akuba. Ziwerengero zikakwera, musafulumire kunena kuti umbava wakula, chifukwa nthawi zina polisi ikatsegulidwa pafupi, anthu amene kale ankangokhala chete amayamba kukadandaula.